Mpira Umene Unapitirira Mutu wa a Longwe

Kalekale, koma osati kale loti amene analipo anganamizire kuiwala, m'mbali mwa msewu wa tala wodutsa m'munda wa mitengo ya mpira munkakhala mkulu wina, a Longwe. Ntchito yawo inali kukulunga mipira. Ankatola utomoni wouma wotsalira pamitengo, kuusolola kukhala timizere, n'kumakulunga mokoka mpaka chibulunga chidzaze manja awiri. Akatero ankaima pamsewu n'kumaumenyetsa pansi kuti apagalimoto aone mmene ukunjanjira, aime, agule.

Ana awo aamuna, Yotamu, Wedisoni ndi Fanuwelo wotsiriza, anakulira m'ntchito yomweyi. Bambo awo anawaphunzitsa kuti mpira ukangousiya kuti ugwe wokha subwerera m'dzanja limene wachokera, chifukwa mphamvu ina imatsala pansi. Wokulunga molobodoka umadyera mphamvu yake m'kati. Wozizira umachita ulesi. Mchenga umameza zonse, koma polimba pamabweza.

Ukalamba utafika, zala za a Longwe zinachita dzanzi, zinasiya kukoka. Anyamata ogulitsa nawo anawakankhira kumchenga, kutali ndi tala, n'kumaseka kuti agogo ayamba kugulitsa mapapaya. Mkuluyo anazolowera kumenyetsa ndi mphamvu yonse ya phewa kuti mpira ufikeko m'chiuno. Koma thandizo ankalikana. Fanuwelo atapempha kuti aziwakulungira, anamuyang'ana kuyambira kuphazi.

"Iwe, ndinakuphunzitsa ndine. Ukadzandikwirira ndiye udzakulunge."

Ndiye mwana aliyense anathandiza mobisa, osauza bambo, osauzanso abale ake.

Yotamu anadikira Lamulungu, bambo ali kutchalitchi. Anamasula mpira wawo waukulu woonetsera, n'kuukulunganso mokoka mpaka zala zake zinasupuka. Pamwamba anakutapo timizere takale takuda kuti mwini wake asazindikire.

Wedisoni anaona kuti inali nyengo yozizira. Lolemba m'mawa anatenga mpira womwewo m'dengu, nauika pamalata a khitchini kuti dzuwa liuwombe. Utatentha anaubwezera. Sanadziwe kuti m'kati mwake munali mutasintha kale.

Fanuwelo anapita kumsewu. Anagwira pakhosi mnyamata amene ankaseka kwambiri, nalanda malo a m'mphepete mwa tala penipeni, n'kusesapo mchenga wonse. Bambo atafika ndi dengu lawo anawanamiza kuti anyamata asamuka okha.

Galimoto yoyamba itatulukira, a Longwe anakweza mkono n'kumenyetsa monga ankachitira kumchenga, ndi mphamvu yonse. Mpira unalira patala, n'kukwera. Unapitirira chiuno, unapitirira mutu, unapitirira nthambi za m'munsi, ukupendekera kumsewu. Fanuwelo anali pafupi. Anaona bambo ake akuseka, pakamwa pali yasa, maso ali kumwamba, akubwerera chambuyo kuti auwakhe ngati mmene ankachitira akadali ndi mphamvu. Kumbuyo kwawo kunkabwera lole ya matabwa. Dalaivala anaimba hutala, anaponda mabuleki, ndipo pambuyo pake ananyamula yekha mtembo akulira. Palibe amene anamupeza ndi mlandu.

Achibale anabwera. Anthu amene sanagulepo ngakhale kampira ka mwana anadzaza bwalo, ena akufunsa kale za malata a nyumba. Anabweranso a Nyalongwe, mlongo wa malemu, amene nthawi yonse zala za mkuluyo zinkauma sanapondepo pakhomopo. Iwowa ndi amene analira mokweza kuposa onse.

Chinsinsi anachiulula ndi Yotamu. Bokosi likutsekedwa anagwa pansi n'kunena kuti wapha bambo ake ndi iye. Wedisoni atamva anaulula zoti anatenthetsa mpira pamalata. Fanuwelo akanatha kukhala chete, koma anaona azichimwene ake akulira okha, nanena zake.

A Nyalongwe anapukuta m'maso msanga. Anaimitsa onyamula bokosi, nalamula kuti amene wachititsa imfayi asaponye dothi m'manda, asafike n'kumanda komwe. Sangakhale onse atatu, anatero, chifukwa munthu wobereka sakwiriridwa ngati mlendo. Akhale mmodzi, ndipo atchulidwe bokosi lisananyamuke.

Pamenepo kulira kwa abale kunasanduka mantha. Munthu wina anabweretsa mpira uja. Unali utagona panja, wozizira. Yotamu anaumenyetsa pafumbi la pabwalo, ndipo unangofika m'chiuno.

"Mwaona, azakhali? Kukulunga kwanga kokha sikukanaufikitsa pamsewu. Kumchenga akanangogulitsa n'kubwera kudzadya."

Wedisoni anati papaya ukaliika padzuwa limakhalabe papaya. Iye anatenthetsa mpira umene ankauyesa wolobodoka, ndipo wolobodoka ngakhale utenthe bwanji supitirira mutu wa munthu. Akanadziwa kuti achimwene aulimbitsa sakanaukhudza.

Maso onse anatembenukira kwa Fanuwelo. Iye ankadziwa yankho lake: mipira yakale ya bambo, ngakhale patala, sinkapitirira chifuwa, ndipo munthu satsata chambuyo mpira umene uli pachifuwa pake. Ankadziwanso kuti pa atatuwo ndi iye yekha amene anawaimika pafupi ndi matayala, ndi iye yekha amene anawanamiza pamaso. Mawu a bambo aja onena za kuwakwirira ankamulira m'makutu. Analoza a Nyalongwe.

"Inu azakhali, mmene anyamata ankawatcha bambo ogulitsa mapapaya munali kuti? Lero ndiye mwadziwa njira ya kuno?"

"Ine sindinakhudze mpira, mwana wanga," anayankha a Nyalongwe, osakweza mawu. "Amene ali kutali sapha munthu."

Mkulu wina wa mpingo anayesa kunena kuti mwina malemu anadzitengera okha, chifukwa akanalola thandizo poyera, anawo sakanabisa, ndipo akanadziwa kuti mpirawo ndi wongougwetsa pang'ono. Fanuwelo anamuyang'ana mpaka mkuluyo anaweramitsa mutu. Wakufa sangadziyankhire, ndipo sangaletsedwe kupita kumanda ake omwe.

Dzuwa linakwera. Okumba manda anatumiza mawu kuti dzenje latha, dothi layamba kugumukira m'kati. Onyamula bokosi anaimabe, manja ali pazogwirira. Mpira unali gone pakati pa bwalo, ana ang'ono akuopa kuuyandikira. Yotamu anali ndi zala zosupuka, Wedisoni maso ali pamalata a khitchini, ndipo Fanuwelo, osadziwa kuti watola nthawi yanji, anali atafumbata dothi la pabwalo m'dzanja.

Inu amene mwamva, bokosi likudikira. Wolimbitsa mpira, woutenthetsa, ndi wosesa patala: ndani atsale pakhomo pamene anzake akukwirira bambo awo? Ndipo amene sanakhudze kanthu chifukwa sanabwere n'komwe, ali ndi mphamvu yomutchula?