Alendo a pa Maliro Amene Sanabalalike

Panali bambo wina, mmisiri wokhoma zidebe, amene mkazi wake anamwalira m'mwezi wa Okutobala.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, dzina lake Ndaziona, ndipo ankakhala ku Joni. Ana a masiku ano amapita kutali n'kumatumiza katundu m'malo mobwera okha. Ndaziona anali atatumiza kabokosi koyera ka wayifayi, ka timagetsi tobiriwira, kuti Lamlungu lililonse aziona makolo ake pa foni. Mawu achinsinsi olowera pa kabokosiko anawasankha bamboyo. Anaika dzina la mkazi wake, Esinati, ndi chaka chimene anamanga ukwati.

Maliro atachitika, Ndaziona sanabwere. Anali woyembekezera, wa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo adokotala anamuletsa ulendo wa pa basi. Mwambo wonse anauonera pa foni. Pa siwa panadzaza anthu, aliyense akufuna kudziwitsa abale akutali. Ankabwera mmodzimmodzi, kugwada pafupi ndi namfedwa, n'kunong'ona kuti, "Pepani bambo, pasiwedi ndi chiyani?" Atatopa kuyankha, bamboyo anatola khala, nalemba mawuwo pa katoni, naikhomera pa mtengo wa mango. Sanalakwe. Pa maliro nyumba imakhala ya aliyense.

Anaika maliro. Anameta, anasesa. Mipando inabwerera ku tchalitchi, tenti inapasulidwa, abale anakwera minibasi. Katoni ija wina anayatsira mbaula. Bamboyo ankayesa kuti mawu aja apsera limodzi ndi katoniyo. Sankadziwa kuti foni ikamva mawu kamodzi imawasunga, ndipo mwini wake akhoza kugawira mnzake.

Patapita masabata awiri anayamba kuona chinthu chachilendo. Akakhala pa khonde n'kumakhoma malata, kunja kwa mpanda wake kunkaima anthu. Wina wa kabaza ankatsamiritsa njinga pa njerwa. Amayi awiri ankakhala pa mwala wa pa ngalande. Wina wa tayi ankaima pomwepo popita ku ntchito, n'kudzaimanso pobwerera. Poyamba bamboyo anaganiza kuti ndi chifundo, kuti anthu akudzamuzonda koma akuchita manyazi kulowa. Anatuluka nawapatsa moni. Iwo anayankha osadzutsa mitu.

Anabwerera pa khonde akudzifunsa. Kodi mpanda wanga uli ndi chiyani? Mthunzi uli tsidya lina la msewu, koma anthu akusankha dzuwa la kuno. Tsiku lina iwo atachoka anapita kukaima pamalo pomwepo, natsamira njerwa monga ankachitira wa kabaza. Sanaone kanthu koma ngalande ndi mbuzi.

Nthawi yomweyo foni ya Lamlungu inayamba kuvuta. Nkhope ya Ndaziona inkauma pakamwa pali yasa, mawu n'kumaduka ngati munthu wa chibwibwi. Bamboyo anapukuta kabokosi ndi nsalu. Anakakweza pamwamba pa kabati. Anakatembenuzira ku zenera. Sizinathandize.

M'mwezi wa Disembala Ndaziona anabereka mwana wamkazi. Lamlungu lake anamusendeza pafupi ndi foni nati, "Ababa, muoneni mdzukulu wanu." Bamboyo anaona nsalu yachikasu ndi chinthu chosaoneka bwino pakati pake, kenaka zonse zinazima. Malamlungu atatu zinachitika choncho. Lamlungu lachitatulo Ndaziona anati, "Ababa, izi zikungotitopetsa. Bwanji ndizingokutumizirani mawu basi?" Bamboyo anaika foni pansi. Mkazi anali atapita. Tsopano mwana nayenso ankafuna kusanduka mawu okhaokha.

Anali ndi mlamu wake, Delifa, mng'ono wa malemu, kalaliki pa sukulu ina. Loweruka lina anabwera ndi nkhwani m'jumbo.

"Alamu, mwaondatu," anatero Delifa. "Mukudya malata omwewa?"

"Ndikudya chiyani, inu munakana kulowa m'malo mwa akulu anu?"

"Ine ndikwatiwe ndi munthu wogontha ndi hamala? Tandiuzani chikukuvutani."

Anamufotokozera. Delifa anayang'ana kunja kwa mpanda, nayang'ana kabokosi, kenaka anatsegula pa foni yake tsamba loonetsa onse amene alumikizika. Anamuonetsa mndandanda.

"Mafoni makumi atatu ndi asanu ndi atatu, alamu. Yanu ndi imodzi. Enawa akuonera mafilimu ndi mpira. Mdzukulu wanu adutsa pati?"

Bamboyo anavala magalasi. Anayang'ana mainawo nthawi yaitali, monga munthu wopeza mapazi achilendo m'chipinda chake. Anafunsa ngati anthuwo akumuona iye. Delifa anati kumuona ayi, koma wodziwa zinthu akalowa pamenepo akhoza kusuzumira zambiri, ndipo akachita choipa pa intaneti, ofufuza adzafika pa khomo lino.

"Tisinthe mawuwo lero lomwe," anatero Delifa.

"Ayi."

"Chifukwa?"

"Amenewa ndi anthu a pa maliro. Anandiikira mkazi wanga. Lero ndiwatsekere kunja? Mawa ndikafa adzandikumbira manda ndani? Inu ndi zikhadabo zanu zopaka utotozi?"

Delifa anaseka, koma anaona kuti mlamu wake sakuseka. Anakopera mainawo pa pepala, namusiyira.

Bamboyo anakhala ndi pepalalo sabata yathunthu. Kenaka anaganiza kuti ngati n'kulakwira anthu, bola ayambe wapepesa. Anavala jekete napita kwa a Gwedeza, mkulu wa adzukulu, amene anatsogolera kukumba manda a Esinati. Anawapeza akukhomera khasu mu mpini. Anafotokoza zonse mwaulemu, chipewa chili m'manja.

A Gwedeza anapisa m'thumba natulutsa kafoni ka mabatani, komangidwa ndi mphira.

"Kameneka ndiye kakudyereni wayifayi, achimwene? Ngakhale tochi yake inafa. Tawerengani mainawo."

Bamboyo anawerenga. A Gwedeza ankangopukusa mutu. Pa anthu onse aja anazindikirapo atatu, ndipo anati atatuwo anawaona pa mzere wa chakudya, kumanda sanafikeko.

"Tinakumba tili anthu asanu ndi atatu," anatero a Gwedeza. "Palibe ndi mmodzi yemwe pa pepala lanulo. Ife titakwirira tinatsuka makasu, tinasamba m'manja, tinapita kwathu. Amene atsala kwanuwo sindikudziwa kuti akulira ndani."

Bamboyo anabwerera pang'onopang'ono. Pofika pa mpanda wake anapeza wa tayi uja ataima, chala chikuyenda pa foni. Anafuna kudziwa chinthu chimodzi chokha.

"Pepani achimwene. Kodi a Esinati munkawadziwa?"

Wa tayi anadzutsa mutu pang'ono.

"Esinati? Si pasiwedi ya pano imeneyo, madala? E wamkulu, kenako manambala. Mukufuna ndikulumikizeni?"

Bamboyo anamuyang'ana. Sanamutukwane. Analowa m'nyumba, naimbira Delifa kuti abwere.

Anasintha mawuwo masana omwewo. Bamboyo ankafuna kuika dzina la mdzukulu, koma Delifa anakana, nati aliyense wodziwa banjali akhoza kulota dzina ndi chaka. Anasankha mawu anayi osagwirizana, nasakaniza manambala ndi zizindikiro. Anasinthanso mawu ena amene kabokosi kanabwera nawo kuchokera ku sitolo, olembedwa kunsi kwake, otsegulira tsamba lija. Zonsezo bamboyo anazilemba m'kope naika pansi pa sutikesi.

Kunja anthu anayamba kugwedeza mafoni, ena kuwakweza m'mwamba. Wa kabaza anasuzumira pa geti nafunsa ngati magetsi azima. Bamboyo anati magetsi alipo. Pofika Lachitatu pa mpanda panalibe munthu.

Lamlungu foni inalira. Nkhope ya Ndaziona inabwera yonse, ikuyenda, ikuseka. Anasendeza mwana. Bamboyo anaona timaso, kamphuno, ndi makutu otambalala ngati ake omwe. Mwanayo anayasamula, ndipo agogo ake anaona kuyasamulako kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tsono inu amene mukundimva, ine sukulu ndinalekeza panjira, koma anthu ndawaona. Ndawaphikira, ndawabwereka makasu amene sanabwerere, ndipo nditadwala sanandizonde. Sindikuti muzimana. Mlendo akabwera mupatseni mawuwo, ndipo pa maliro kapena pa ukwati apatseni onse. Koma mwambo ukatha, sinthani. Musaike dzina la munthu amene mumamukonda, chifukwa lidzayenda m'kamwa mwa anthu amene sanamuonepo. Ndipo musaope kukhumudwitsa amene anakuthandizani. Amenewo anapita kale kwawo. Amene amakakamira pa mpanda ndi ena. Mukafika kunyumba lero, tsegulani mndandanda uja, muwerenge maina, muone ngati mukuwadziwa.