Imvi za a Sipanala

Kunyumba kwa a Sipanala chinthu chowonongeka sichinkagona tsiku. Chitsekedwere kampani yosindikiza mabuku imene anagwirako zaka makumi atatu ndi zinayi, bamboyo anakonza mpope wakubafa, zitseko zonse, wailesi, ngakhale ambulera ya aneba. Zowonongeka zitatha, anayamba kumasula zabwinobwino.

"Bambo, simbi imeneyo ilibe mlandu," anatero akazi awo tsiku lina. "Pezani ntchito musanatiphwasulire nyumba."

Ntchito ankaifunadi. Dzina lakuti Sipanala silinali la pachiphaso. Anawapatsa ndi anzawo akuntchito, chifukwa makina osindikizira akangomva dzanja lawo ankasiya mwano. Koma miyezi isanu ndi itatu inatha akungolemba makalata, mwana wawo womaliza asanamalize sukulu. Kawiri konse anaitanidwa ku intaviyu. Koyamba, wofunsa mafunso anayang'ana imvi zawo nthawi yaitali kuposa mapepala. Kachiwiri anauzidwa mwaulemu wonse kuti, "Madala, ntchito ino ndi yothamangathamanga. Tikufuna a mawondo olimba."

Liwu lakuti "madala" linawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Loweruka m'mawa anadzitsekera kubafa ndi kabotolo ka mankhwala odetsa tsitsi. Potuluka, mutu unali bii ngati nsapato yopolisha kumene, nsidze zokha zili mbuu, zitaiwalika.

Akazi awo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pepani achimwene, simunawaoneko amuna anga? Analowa momwemo."

A Sipanala sanaseke. Anakhala patebulo nalembanso pepala la mbiri ya ntchito yawo. Pa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu anadulapo khumi ndi ziwiri, ndipo kuti masamu agwirizane anafufutanso zaka zoyambirira zonse, zija anaphunzira ntchito pa makina akale.

"Ndiye kuti munandikwatira muli ku pulayimale?" anafunsa mayiwo atawerenga. "Nanga akakafuna chiphaso?"

"Zimenezo tikaziona komweko. Chachikulu n'kulowa pakhomo."

"Mukalowe ndi nkhope yanu, bambo. Yobwereka imafunidwa ndi eni ake."

Koma mutu wa a Sipanala unali utauma kale pamodzi ndi mankhwala aja.

Patatha masabata awiri anaitanidwa ku kakampani kena kosindikiza. Mwini wake anali mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wawo woyamba, amene anatenga ntchitoyo bambo ake atamwalira.

"Khalani pansi, achimwene," anatero mayiyo.

Achimwene! Mtima wa a Sipanala unavina. Anakhala mowongoka, nabisa magalasi awo owerengera m'thumba.

Mayiyo anawerenga pepala lija mofatsa, kenako anawatengera kuchipinda chakumbuyo navundukula chinsalu. Pansi pake panali chimakina chakuda, chonunkha inki ndi girizi, mtundu womwewo umene a Sipanala anayambira ntchito ali mnyamata. Mayiyo atayatsa, makinawo anatsokomola katatu n'kuzima. Khutu la a Sipanala linagwira matendawo pomwepo: lamba walefuka, ndipo giya ina yadyeka dzino. Zala zinayamba kuwayabwa. Anazilowetsa m'thumba, pokumbukira kuti munthu wa papepala uja anayamba ntchito makina oterewa atasiyidwa kale.

"Awa anasiya bambo anga," anatero mayiyo. "Zikuto zolimba za mabuku palibe makina atsopano amene amazitulutsa ngati awa. Anyamata atatu ayesa, alephera. Kunena mosabisa, achimwene, inunso mwachepa msinkhu. Aliyense amene ndamufunsa akunditchulira mkulu wina, amati a Sipanala, koma dzina lawo lenileni palibe akulikumbukira. Ndinakuitanani nditaona kuti munali kampani imodzi. Mumawadziwa?"

Thukuta linayamba kutsika m'mbali mwa khutu, ndipo a Sipanala ankaopa kulipukuta, kuti mpango ungatuluke wakuda. Panafunika mawu atatu okha, ndine amene mukufuna. Koma akanayamba bwanji kuuza mwana ngati ameneyu kuti munthu wamkulu, wa zidzukulu ziwiri, wadzipaka mutu n'kunama zaka?

"Ee... ndinkangowaonera patali," anatero.

"Ali moyo?"

"Alipo. Kungoti akalamba."

"Kukalambako n'kumene ndikufuna ine. Mukawaona, muwauze abwere msanga."

Atafika kunyumba n'kufotokoza, akazi awo anaseka mpaka kukhala pansi m'khitchini, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndiye akutumani kukadzifunafuna nokha? Ndalama yabasi akupatsani?"

Kuseka kutatha, anapukuta m'maso nalankhula motsitsa mawu.

"Bwererani lero lomwe, bambo. Mukanene kuti munachita mantha chifukwa ena anakukanani. Akakusekani pang'ono, basi. Kusekedwa sikutupitsa khungu."

"Ndi mutu umenewu? Ayi. Ndimeta, imvi zimere, ndisiye ndevu. Ndikafike ngati munthu wina."

"Nanga mphunoyo musinthanso?"

Anametadi mpala tsiku lomwelo. M'mawa uliwonse ankaima pagalasi kuyang'ana ngati zamera, ngati mlimi woyendera munda mvula itachedwa. Imvi zimene kale zinkabwera zosaitanidwa, tsopano zinkayenda mwaulesi. Akazi awo ankangoti, "Lero?" Iwo n'kumati, "Mawa." Masabata atatu anatha motero.

Tsiku limene anapita, mutu uli mbee, sipanala yawo yakale ili m'chikwama, anaima pageti osalowa. Mkatimo chimakina chija chinkalira bwinobwino, mosatsokomola. Atasuzumira, anaona bambo wina wadazi akupukuta manja ndi chiguduli. Anali munthu amene iwo eni anamuphunzitsa ntchito kwa zaka khumi ku kampani yakale.

"A Sipanala! Aphunzitsi anga!" anafuula bamboyo. "Bwana, si awa munkawafuna aja!"

Mwini kampani anatuluka mu ofesi. Anayang'ana imvi, anayang'ana ndevu, maso ake n'kudzaima pamphuno.

"Achimwene aja? Koma ndiye mwakalamba msanga. Masabata atatu okha?"

Anaseka, koma osati monyoza. Kenako anapukusa mutu mwachisoni.

"Bambo, mukanangonena tsiku lija, mukanayamba ntchito masana omwewo. Ndinakudikirani masabata awiri, oda ya mabuku a sukulu ili pakhosi. Malo anali amodzi, ndipo ndawapatsa kale awa."

"Zonse ndikuchita panozi munandiphunzitsa ndinu," anatero wadazi uja, poyesa kuwatonthoza. Mawuwo anali abwino, koma analowa ngati mchere pabala.

A Sipanala anatsanzika mwaulemu, nayenda pang'onopang'ono kupita pokwerera basi, kulira kwa makina kukuwaperekeza mpaka pakona.

Amene anawakana chifukwa cha imvi analakwa, zimenezo palibe angatsutse. Koma khomo limodzi lokha limene linkafuna imvizo linawatsegukira lokha, iwo n'kuima pakhomopo kukana dzina lawo. Akale sananame: mbewa yamanyazi idafera kuuna.