Mwana wa Mwandida Atenge Dzina la Ndani?

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi mauta ayi, kale la dzanadzanali, kunali mayi wina dzina lake Mwandida. Mayiyu anachira mwana wamwamuna wosakwana masiku pa chipatala china cha kumapiri. Kamwanako mapapo ake sankatha kukoka mpweya paokha, choncho anamwino anakaika pa makina opumira amene anapangidwa ndi achinyamata atatu a paboma pomwepo: Lonjezo, Tiyanjane ndi Ganizani.

M'mawa wina Mwandida anaona milomo ya mwana ikuda, chifuwa chikulowa m'kati, pamene makina akungolira bwinobwino ngati palibe chavuta.

"Anesi! Thamangani! Mwana wanga akupita!"

Namwino anachotsa paipi ya makina nayamba kupopa mpweya ndi kathumba ka mphira pamanja. Mwana anatsitsimuka pang'ono. Koma makina ena opumira panalibe, ndipo mlatho wa pa msewu wopita ku chipatala chachikulu unali utakokoloka ndi mvula.

"Tipopa mosinthana," anatero namwinoyo, "koma manja ndi manja, mayi, amatopa."

Anaimbira foni achinyamata aja, ndipo anabwera ali wefuwefu.

Lonjezo ndiye anayamba. Analumikiza kompyuta yake ku makinawo nasakasaka, thukuta lili kamukamu. Anayesa pampu, inali bwino. Anayesa mawaya, anali bwino. Dzuwa linafika paliwombo asanapeze kanthu. Mwandida anamugwira malaya.

"Achimwene, ndiuzeni zoona. Chikupha mwana wanga n'chiyani?"

Lonjezo anayang'anitsitsa manambala a pakompyuta. Kenaka anadzimenya pamphumi.

"Ndachiona! Mayi, m'makinamu muli kaubongo kotchedwa pulosesa. Kakawerengera mpweya umene mwana akufuna, yankho kamayamba kaliika m'kathumba kake kapafupi, kamene timati kashe. Koma pampu imakawerenga yankholo ku nkhokwe yaikulu. Tsono pulogalamu yolamulira zonsezi, kenelo, nthawi zina ikuiwala kuuza pulosesa kuti ikhuthulire kathumbako munkhokwe. Ndiye mwana akafuna mpweya wambiri, pampu ikumupatsabe mlingo wakale."

Matenda anali atadziwika, koma mankhwala ake Lonjezo sankawadziwa.

Tiyanjane ndiye ankadziwa kulemba za m'kati mwa kenelo, malo amene ukalakwitsa chilembo chimodzi makina onse amafa. Anakhala pansi pasimenti, kompyuta pamiyendo. Analemba lamulo loti pulosesa izikhuthula kathumba konse nthawi ndi nthawi, nalilowetsa m'makinamo.

"Zatheka! Lumikizani mwana!"

Apo Ganizani anaimirira, nagwira paipi ija.

"Ayi. Mwana salumikizidwa tisanayese."

Anamangirira golovesi ya mphira kumapeto kwa paipi nayatsa makina. Golovesi inafufuma, inaphwa, inafufumanso.

"Si izo zikugwira!" anakuwa Mwandida.

"Tidikire kaye, mayi."

Namwino wachiwiri anali atatopa, wachitatu mikono ikuchita dzanzi. Mwandida anagwada pamapazi a Ganizani.

"Achimwene, ndakupembani, mwanayu ndi woyamba kukhala moyo. Awiri ndinaika m'manda. Musandilange chonde."

Ganizani anayang'ana kumbali, paipi osaitaya. Pamenepo Mwandida anadzambatuka namulavulira mawu.

"Mfiti iwe! Mwana wanga akafa, maliro ake ukanyamule wekha!"

Mawuwo ali m'kamwa, makina anati zii. Golovesi inaphwa, osafufumanso. Kukhuthula kathumba konse kosalekeza kuja kunali kutaitsamwitsa pulosesa mpaka inaima. M'chipindamo munkangomveka kathumba ka namwino, fuu, fuu.

Tiyanjane anapukuta misozi ndi mkono nayambiranso. Ulendo uno analemba mosamala kuti pulosesa izikhuthula kagawo kokhako kamene pampu ikufuna, pa nthawi imene ikukafuna. Ganizani anayesanso pa golovesi, anasinthasintha mlingo, anauthamangitsa, anauchedwetsa. Mwandida anangokhala pakona atadziphimba chitenje kumutu. Dzuwa litapendeka, Ganizani anapereka paipi kwa namwino.

"Tsopano mukhoza."

Kachifuwa kaja kanakwera, kanatsika. Milomo inayamba kufiira. Namwino anatula kathumba kake nakhala pansi, manja ali lende.

Mwanayo anachira, ndipo litafika tsiku lotuluka m'chipatala, Mwandida anati mwanayu atenga dzina la amene anamupulumutsa. Koma dzina la mwana ndi limodzi.

Mwamuna wake, a Chadza, anati, "Amayi a mwana, musavutike. Akhale Lonjezo. Nthenda yosadziwika sichizika. Pakanapanda iye, enawo akanakonza chiyani?"

Namwino wamkulu anapukusa mutu. "Kudziwa nthenda si kuchiza, bambo. Mpweya umene mwanayu wapuma masiku onsewa wadutsa m'zala za Tiyanjane."

"Zala zomwezo si zimene zinatsala pang'ono kumupha?" anatero a Chadza.

"Zinalakwa, zinakonzanso. Lonjezo anangoloza chala."

Mwandida anayang'ana pakhomo pamene Ganizani anaima, ndipo manyazi anamugwira. Mnyamatayo sanapeze vuto, sanalembe ngakhale chilembo chimodzi. Ntchito yake inali kukana basi, kukaniza mayi wogwada, kulandira dzina la ufiti pamaso pa anthu. Ndipo kudikira kwake kukanathanso kupha mwana, manja a anamwino akanalephera.

Mwandida anafunsa atatuwo kuti adzisankhire okha, koma aliyense anangoweramitsa mutu. Galimoto yowatenga inafika, mwana ali kumsana, dzina palibe.

Nanga inu mwamva nkhaniyi, muthandizeni Mwandida. Mwanayu atchedwe ndani: Lonjezo amene anapeza pobisala vuto, Tiyanjane amene anagwa nadzuka n'kulikonza, kapena Ganizani amene anati ayi?