Thanthwe Lomwe Agogo Analisiya

Pa mgodi wa miyala wa kuphiri panalibe wosawadziwa a Khutu. Dzinali analipata chifukwa ankati akagogoda thanthwe ndi nyundo n'kutchera khutu, ankadziwa zomwe zili m'kati mwake. Agogo awo ndiwo anayamba kuswa pamenepo mwala wolimba wamawangamawanga uja, womwe unamanga milatho ndi masitepe a m'tauni. Koma kumtunda kwa dzenje la mgodiwo kunali thanthwe limodzi lomwe mibadwo itatu sinalikhudze.

Ndiye kunabwera kapitawo watsopano, mkamwini wa mwini mgodi, wa nsapato zowala ngati galasi. Asanathe n'komwe sabata, analoza thanthwe lija.

"Mwala wabwino chonchi mukusungira ndani? Mawa tiphulitsa."

"Pepani bwana," anatero a Khutu, chipewa chili m'manja. "Kuseri kwakeko kuli madzi. Agogo anapatutsa mtsinje kuti akumbe dzenje lino, ndipo thanthweli ndiye chitseko chake. Tagogodani mumve mmene likulirira."

"Madala, ine ndinapita kusukulu. Mwala sulankhula. Ngati mwatopa, kapumeni."

Antchito ena anaseka nawo pofuna kusangalatsa bwana. A Khutu zinawapweteka koopsa. Zaka makumi anayi akumeza fumbi, zala zitapindika ngati mizu, lero n'kumanyozedwa ndi munthu woti m'manja mwake simunatulukepo thuza! Anangopempha chinthu chimodzi, kuti m'dzenjemo musatsale munthu. Kapitawo anavomera monyinyirika.

Bomba litalira, kunangoti zii. Kapitawo anatembenuka akumwetulira. Kenaka pamng'alu panayamba kutuluka timadzi ngati ta pampopi, ndipo posakhalitsa thanthwe lonse linagumuka. Pofika masana, makina, ngolo ndi miyala yosemasema kale zinali pansi pa madzi. Eni mgodi anabweretsa mapampu atatu n'kupopa mwezi wathunthu. Koma abale, mtsinje ungauphwetse ndi pampu?

Mgodi unatsekedwa. Amuna makumi asanu anabwerera kwa akazi awo chimanjamanja, chifukwa cha liuma la munthu mmodzi. Manyazi alibe, kapitawo uja anatulukira pakhomo pa a Khutu, nsapato zili matope okhaokha.

"Bambo, tithandizeni. Madziwa tingawatseke bwanji?"

"Lero ndakhala bambo?" anafunsa a Khutu, osadzuka n'komwe pampando. "Chitseko chinali chimodzi, ndipo munaswa nokha. Kafunseni kusukulu kuja."

Kapitawo anangotembenuka n'kubwerera chimanjamanja. Pajatu akuluakulu anati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.