Ntchentche za Mfumu Njati

M'dambo la Chitunda munkakhala Njati, Mphoyo, Gwape, Nkhanga, Fulu ndi nyama zina zambiri, zonse zikumwa padziwe limodzi. Chaka china kunabwera Kambuku amene ankabisala m'bango n'kumagwira ana awo akapita kukamwa madzi. Nyamazo zinasonkhana n'kusankha Njati kuti akhale mfumu, poti ndiye anali ndi nyanga zoopsa. Koma Njati, ngakhale anali wamkulu thupi, anali wamantha mumtima, ndipo sankakhulupirira aliyense.

Pamsonkhano womwewo panafika Ntchentche. Zinadzipereka kuti zikhale maso ndi makutu a mfumu, chifukwa panalibe chitsamba chimene sizinkalowamo. Zinangopempha chinthu chimodzi, kuti Njati azizilola kutera pamsana pake n'kumanyambita thukuta. Nyama zonse zinavomera, ndipo Nkhanga anakupiza mapiko kuposa onse, poti Kambuku anali atamudyera ana atatu.

Poyamba zinthu zinayenda bwino. Kambuku akangoponda m'dambo, Ntchentche zinkauluka kukanena, Njati n'kumuthamangitsa. Patapita miyezi iwiri Kambuku anatopa ndi njala, nasamukira kuseri kwa phiri. Ana anayambanso kusewera padziwe, koma Ntchentche zinada nkhawa, podziwa kuti zikasowa chonena zichotsedwa pamsana pa mfumu.

Tsiku lina zinafika kwa Njati ndi nkhani yachilendo. "Wawa mfumu, Kambuku wapita, koma adani enieni muli nawo m'dambo momwe muno. Dzulo Mphoyo amauza mkazi wake kuti madzi a padziwe achita matope chifukwa inu mumasambamo."

Mphoyo ananenadi mawuwo, ali awiriwiri ndi mkazi wake pansi pa mkuyu, osadziwa kuti kuseri kwa khutu lake kwatera Ntchentche. Atamuitanitsa sanakane, anangoti wanena zomwe aliyense akuziona ndi maso. Njati anamuthamangitsa tsiku lomwelo kupita kumiyala kopanda madzi, ndipo sanaonekenso. Anasiya mkazi ndi mwana woyamwa.

Kuchokera pamenepo malamulo anachuluka. Kunena zoipa za dziwe kunali kunyoza mfumu. Nyama zitatu sizinkaloledwa kuima pamodzi, ndipo iliyonse inapatsidwa Ntchentche yake yoyenda nayo kulikonse, moti kuiingitsa ndi mchira unali mlandu. Gwape anafika pokanenera mchimwene wake weniweni, poopa kuti mchimwene wakeyo angayambe ndiye kumunenera.

Dambo linati zii. Amayi analeka kuimbira ana awo nyimbo, poopa kuti mawu ena angamveke mokhota. Wina akapereka moni, mnzake ankayankha kuti wadzuka bwino chifukwa cha mfumu, n'kudutsa msanga. Njati ankati umenewo ndiwo mtendere, koma iye mwini ankaonda, chifukwa nyama zikakhala chete ankaganiza kuti zikumupangira chiwembu.

Amene ankavutika kwambiri anali Nkhanga, poti chibadwire sankatha kusunga chimene waona. Fulu, amene ankakhala naye moyandikana, ankamulangiza kawirikawiri kuti atengere iye. Ankati mutu wake wakhalitsa chifukwa amadziwa nthawi youbweza m'chigoba. Nkhanga anayesetsa, ndipo anatha chilimwe chonse osalira ngakhale kamodzi.

M'mawa wina, akutola mbewu za udzu, Nkhanga anaona anthu awiri atagwada m'mphepete mwa dziwe. Anali opha nyama mozemba, ndipo ankakhuthulira m'madzi ufa woyera wochokera m'thumba. Atachoka, nsomba zinayamba kuyandama mimba zili m'mwamba, ndipo njiwa imene inamwapo inagwa isanafike pamtengo. Ntchentche nazo zinaona zonsezi, koma zinali kalikiliki kudya nsomba zakufazo, ndiponso zinkadziwa kuti Njati amamenya ndi mchira Ntchentche yobweretsa nkhani yopanda dzina la wolakwa.

Nkhanga anathamangira kwa Fulu n'kumunong'oneza. Fulu anayang'ana Ntchentche imene inali pachigoba chake, nayankha motsitsa mawu: "Mlamu, inenso ndaona, Gwape nayenso waona. Tengani ana anu muzikamwa mame. Mwaiwala kale za Mphoyo?"

Nkhanga anabwerera ali wolemedwa mtima, ataganiza zomvera. Koma m'njira anaona mkazi wa Mphoyo akutsikira kudziwe, mwana wake akudumphadumpha kutsogolo. Mawu amene anawatsekera chilimwe chonse anatuluka okha. Anakwera pachulu n'kulira mpaka dambo lonse linamva kuti m'madzi muli poizoni, wina aliyense asamwe.

Mayi uja anakoka mwana wake n'kubwerera. Ntchentche zinali zitafika kale kwa Njati, zikunena kuti Nkhanga akufalitsa zoti madzi a mfumu ndi akupha. Za anthu awiri aja ndi thumba lawo sizinatchuleko n'komwe. Njati anapsa mtima, nalamula kuti nyama zonse zisonkhane padziwe dzuwa lisanafike pamutu.

Nkhanga anafotokoza zonse zimene anaona, napempha mfumu kuti ingoyang'ana nsomba zija. Koma nsombazo zinali zitakokoloka ndi mphepo n'kulowa m'bango. Njati anatembenukira kugulu n'kufunsa kuti: "Alipo wina amene waona anthu akunenedwawa? Aime apa."

Panalibe amene anasuntha. Gwape anayang'ana pansi, Fulu anabweza mutu m'chigoba. Panali nyama zoposa khumi zimene zinaona anthuwo, koma iliyonse inkamva timiyendo ta Ntchentche tikuyenda pakhutu pake. Njati analamula kuti Nkhanga amuzule nthenga zonse za kumutu kuti aliyense azimudziwa kuti ndi wabodza, ndipo mpaka lero mutu wa Nkhanga ulibe nthenga.

Pofuna kuonetsa kuti dziwe lake lilibe chilema, Njati analowa m'madzi mpaka m'maondo n'kumwa kwambiri. Kenako analamula mkazi wake ndi ana ake kuti amwe, n'kuuza nyama zonse kuti yokana ndiye kuti ili kumbali ya Nkhanga. Zina zinaviika milomo zitatseka pakamwa. Zina, monga Gwape, zinaona Ntchentche zikuziyang'anitsitsa pakhosi, ndipo zinameza.

Dzuwa litapendeka, Gwape anali atafa pamodzi ndi ana awiri a mfumu ndi nyama zina zisanu. Njati anagwa pansi pa mkuyu, thovu likutuluka kukamwa. Anaitana Ntchentche n'kuzifunsa ndi mawu ofooka kuti bwanji sizinamuuze, pamene zinali ponseponse.

"Simunatifunse za madzi, mfumu," zinayankha. "Inu munkafuna mayina, ndipo mayina tinkakupatsani."

Zitatero zinatera m'maso mwake iye akupumabe, ndipo analibenso mphamvu zogwedeza mchira. Nyama zinaima patali zikuonerera. Panalibe yolira maliro, panalibenso yosangalala.

M'mawa mwake nyama zotsalazo zinanyamuka kukafuna madzi kwina, Nkhanga ali patsogolo ndi mutu wake wa zilonda. Ntchentche zinatsalira pamtembo wa Njati, moti panalibenso womvetsera zokamba za nyamazo. Komabe nyamazo zinayenda masiku atatu pamzere, iliyonse payokha, osalankhulana. Fulu anayenda pambali pa Nkhanga ulendo wonsewo, koma mawu opepesa anamukanika kutuluka.

Zitafika pamtsinje wina, Nkhanga anasonkhanitsa ana ake kuti awaphunzitse kulira kochenjeza anzawo. Anawo anali oswedwa m'nthawi ya Njati, ndipo anali asanamvepo mbalame ikukweza mawu kupatula tsiku limodzi lija. Wamkulu anatsegula mlomo, kenako anautseka n'kucheukira kumbuyo. Zinatenga dzinja lathunthu kuti mwana woyamba alire mokweza.

Phunziro: Mtsogoleri amene amatchera khutu pakhomo la aliyense amaphunzitsa anthu ake kukhala chete, ndipo tsiku la tsoka sapeza womuchenjeza. Wakutsina khutu ndi mnansi. Nawonso amene apereka ufulu wawo wolankhula pofuna chitetezo adziwe kuti kuupereka n'kwa tsiku limodzi, koma kuti ubwerere pamatenga nthawi yaitali.