Nang'omba Aodira Kumwamba

Padangokhala, ana inu, kale nyama zinkakambirana nkhani pabwalo ngati anthu. Tsiku lina zidakangana: kodi kuseri kwa nyenyezi kuli enanso anzeru, kapena anzeru ndife tokha? Zidagwirizana kuti njira yodziwira ndi imodzi. Ukafika pakhomo la eni umaodira, ndipo ngati muli munthu amayankha. Choncho zidasankha Nang'omba, mbalame ya mawu ngati ng'oma, kuti m'mawa uliwonse azikwera pachulu chachikulu n'kumaodira kumwamba.

Nang'omba adakwera, adatukumula khosi, adayimba:

Odi kumwambako, odi!
Eni mudzi muliko kodi?
Odi kumwambako, odi!

Kumwamba kudangoti zii. Mawa lake adakwera, zii. Mkuja adakwera, zii. Dzinja lidabwera n'kupita katatu, zii yemweyo.

Njovu adatopa nazo. Paja Njovu ndi uja amayesa kuti kukula mutu ndiye kuchuluka nzeru. Adaitanitsa bwalo patsinde pa chulu chomwecho, n'kugamula kuti nyumba yosayankha odi ndi bwinja, anzeru ndi a pansi pano basi, ndipo mwa iwowo wamkulu ndi iye. Adawonjeza kuti Nang'omba akadzangoodiranso adzapirikitsidwa m'dzikomo, asiye mphako yake ndi ana ake omwe.

Nang'omba mtima udamuwawa, koma sadagonje.

"A Njovu, zaka zitatu n'chiyani? Mwaona kutalika kwake kwa khomo limenelo? Ndipirikitseni, ndikaodira komwe ndikagwereko."

Pomwepo adakwera pachulu, maso a onse ali pa iye.

Odi kumwambako, odi!
Eni mudzi muliko kodi?

Njovu adapsa mtima. Adathamanga kuti akamugwetse, adaponda chulu ndi mphamvu, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo. Chulu chidang'ambika pakati. Nyama zidasuzumira, kukamwa kuli yasa. M'katimo mudali mudzi wathunthu: misewu, nkhokwe, zipinda za ana, ngakhale tinjira tolowetsa mpweya.

Mudatuluka Chiswe, msilikali wa mutu wofiira, atalusa. Adati iwo akhala akuyankha odi ameneyo m'mawa uliwonse zaka zitatu zonsezo, pogogoda makoma ndi mitu monga mwa mwambo wakwawo, mpaka mitu kuchita kuwawa.

"Inu mumadikira yankho la pakamwa ngati lanu. Lero mwatigumulira mudzi, ndiye mukuti anzeru ndinu?"

Njovu adafuna kuyankha, koma anzake a Chiswe adali atayamba kale kumuluma mwendo. Adauzula n'kuthawa akutsimphina, chigamulo chake n'kuthera pomwepo.

Nang'omba nayenso adachita manyazi, poti adaima padenga la anzeru zaka zitatu osawamva. Komabe sadaweramitse mutu. Adayang'ana bwalo lonse nati:

"A pansi pa mapazi athu sitidawamve. Ndani pano angalumbire kuti kumwamba kulibe?"

Palibe adalumbira. Palibenso adatchula zomupirikitsa. Nyama zidabalalika, iliyonse ikuyang'ana pomwe ikuponda.

Mpaka lero Nang'omba sadasiye. Mukamumva m'mawa, muoneni bwino: akaodira amayamba wakhala chete, n'kupendeketsa mutu.

Ana inu, khomo likakhala chete musathamangire kunena kuti mulibe anthu, mwina ogontha ndinu.