Mbewu Yosafuna Kukwiriridwa

Che Jafali Mtalika anafika pa madrasa athu ku Songani Lachinayi m'mawa, ndipo njinga yawo yamoto isanazime n'komwe, iwo anali atatsika kale. Ine ndinali mwalimu pamenepo. Ana amabwera masana akaweruka kusukulu, choncho ndinali pakhonde ndikusoka mabuku ong'ambika, ndipo zonse zimene ndikufotokozazi ndinaziona ndi maso anga.

A Shehe Alidi Makwinja anali kuseri kwa mzikiti, atakwinya mkanjo mpaka m'maondo, akuthirira maluwa ndi chitini chobooledwa ndi msomali. Munthu wosawadziwa akanati ndi waganyu. Anaphunzira kunja zaka khumi ndi ziwiri, Korani yonse inali pamtima pawo, koma zikhadabo zawo sizinkasowa dothi.

Che Jafali anali mlimi wa chimanga wotchuka dera lonselo. Nkhokwe anali nazo zinayi, ndipo alangizi ankabwera ndi anthu kudzaonera munda wawo. Kulima ankadziwadi, zimenezo sindingawamane. Vuto linali lakuti nawonso ankadziwa kuti amadziwa.

"Asalamu alaikumu, a Shehe."

"Wa alaikumu salamu, Che Jafali. Mwafika ngati wina akukuthamangitsani. Kunyumba kwacha bwanji?"

"Kunyumba kwacha bwino, koma mumtima mwangamu simunache. Ndabwera ndi funso la chipembedzo, ndipo ndikupempha yankho lero lomwe."

A Shehe anaika chitini pansi, napukuta manja, n'kuwalozera benchi. Che Jafali sanakhale. Anafotokoza ali chiimire kuti mwana wawo wamkazi, Asiyatu, akukwatiwa pakatha masabata khumi, ndipo akuchimuna ndi anthu a ku Blantyre, okhala m'nyumba za mipanda. Tsiku limene anthuwo anabwera kudzafunsira, Che Jafali analonjeza pamaso pawo kuti mkwatibwi adzayenda pakati pa maluwa abuluu kuchokera pachipata mpaka pakhonde. Maluwawo anawaona pachithunzi mu foni ya mng'ono wawo Sumani, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe ankagwira ntchito m'minda ya maluwa. Sumani yemweyo ndiye anawapatsa mbewu yake mu envulopu.

"Ndabzala kawiri, a Shehe. Kawiri konse ndadikira masabata awiri. Palibe chatuluka, ngakhale kamodzi. Ine Jafali, amene chimanga changa chimamera ngakhale pamsewu. Mwana uja wandipatsa fumbi la makala kuti ndichite manyazi pamaso pa apongozi a mwana wanga. Ndi kaduka basi."

Nkhaniyi kwa ife sinali yachilendo. Lachisanu lapitalo, anthu akutuluka mu mzikiti, Che Jafali anamunena Sumani pakhomo penipeni, mokweza mawu, kuti ndi wachinyengo ndi wanjiru. Sumani anangovala nsapato zake n'kuchoka. Ine ndinamumvera chisoni kwambiri.

"Funso langa ndi ili," anapitiriza Che Jafali. "Kodi n'kololedwa kuti ndimuletse kubwera ku ukwati, ndi kusiya kumupatsa salamu? Ndikufuna ndichite zimenezi ndi chilolezo chanu, anthu asamati Jafali wapanga za m'mutu mwake."

"Funso lanu ndalimva, ndipo ndi lalikulu," anatero a Shehe. "Koma woweruza amayamba waona umboni. Kodi fumbi la makalalo latsalako?"

Che Jafali anatulutsa envulopu m'thumba la jekete. A Shehe anavala magalasi, napempha pepala loyera kwa ine, n'kukhuthulirapo pang'ono. Tinali tinthu takuda, tating'ono kuposa nthangala za fodya, moti ine ndinagwira mpweya kuopa kutiuluza. A Shehe anayang'ana nthawi yaitali. Kenako nkhope yawo inawala ngati ya mwana wopatsidwa malaya a Idi.

"Masha Allah. Mwalimu Twaha, tabwerani muone. Iyi ndi ajelatamu. Zaka zisanu ndakhala ndikufunsa kwa aliyense wopita kutali, lero yabwera yokha panjinga. Maluwa ake ndi timiyulu tofewa ngati thonje, tabuluu, ndipo akayamba kumasula sasiya msanga. Agulugufe amachita kuitanizana."

"A Shehe, ine sindinabwerere agulugufe."

"Pepani, ndatengeka. Tandionetsani mmene munabzalira."

Apa Che Jafali anasangalala, pakuti palibe chimene ankachikonda ngati kuonetsa anthu kabzalidwe. Anatola kamtengo, nabaya pansi dzenje lakuya ngati chala, nachita ngati akutsinamo mbewu, nakwirira ndi phazi, n'kuponda ndi chidendene kawiri.

"Phando lililonse chonchi, pamzere wa chingwe. Kenako madzi ndowa yathunthu, m'mawa ndi madzulo. Palibe amene angandiuze kuti ndinalakwitsa."

A Shehe sanawauze kuti analakwitsa. Anangolowa m'kanyumba kosungiramo makasu, natuluka ndi beseni lakale lobooka pansi. Anasefa dothi lakuda ndi sefa ya ufa yotha ntchito, nasakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana, nadzaza beseni, n'kulinyowetsa mpaka madzi anadontha pansi. Atatero anasakaniza mbewu ija ndi kamchenga kouma pachikhatho, nati "Bisimila," n'kuwaza pamwamba monga mayi awazira mchere mu ndiwo. Anasindikiza pang'ono ndi chikhatho, n'kuimirira.

"Basi, tabzala."

"Simunakwirire," anatero Che Jafali.

"Sindinakwirire."

Mlimi wa chimanga sangapirire kuona mbewu ili pamtunda. Ndinaona dzanja la Che Jafali likutapa dothi lokha, mwini wake asanaganize n'komwe. A Shehe anawagwira pamkono mofatsa.

"Ndikupempheni, Che Jafali. Mwabzala kawiri mwa njira yanu. Ndiloleni ndibzale kamodzi mwa njira yanga. Chimanga chili ndi kamba wake m'mimba, chimatha kuyenda mumdima mpaka chitatulukira. Aka n'kamphawi, kalibe kamba. Kamadzuka kakaona kuwala, ndipo mukakafunditsa dothi ngakhale lochepa, kamafera komweko."

"Nanga nkhuku? Nanga dzuwa?"

"Za nkhuku tiphimba ndi chidutswa cha neti yakale, kuwala kuzilowa. Beseni likhala apa, pofika dzuwa la m'mawa, pobisika ku dzuwa la masana. Madzi sitithira, tiziwaza ndi zala, dothi lisaume komanso lisasanduke thope. Ndowa yanu ija inali chigumula kwa timbewuti."

"Ndiye yankho la funso langa?"

"Mubwere Lachinayi likudzali. Kufikira tsikulo, dzina la mng'ono wanu lipume pakamwa panu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Che Jafali anachoka akupukusa mutu. Pofika panjinga ndinawamva akudziuza okha kuti kuwerenga mabuku ambiri kumaononga anthu.

Sabata imeneyo ndinaphunzitsa mosakhazikika, ndivomere. Ndinkati ndikayamba phunziro, mtima uli kuseri kwa mzikiti. Tsiku lililonse ikatha swala, pemphero lathu la masana, ine ndi a Shehe tinkagwada pa beseni lija, anthu awiri a ndevu zathu, kuyang'ana dothi. Lachisanu panalibe kanthu. Loweruka ndi Lamulungu chimodzimodzi, ndipo ine ndinayamba kuopa kuti mwina Sumani anapatsadi mkulu wake makala. Ndinawafunsa a Shehe kuti zikapanda kumera adzati chiyani.

"Ndidzati ndinalakwitsa," anayankha. "Mawu amenewo sanaphepo munthu."

Lachiwiri m'mawa ndinamva a Shehe akundiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinathamanga nsapato imodzi ili m'manja. Pamwamba pa dothi panali timadontho tobiriwira, tating'ono moti ukayang'ana molunjika sunkationa bwino, koma ukapendeketsa mutu beseni lonse linkaoneka ngati lachita ndere. Pofika Lachinayi kalikonse kanali katatambasula timasamba tiwiri. Ndinayesa kuwerenga, ndinasokonezeka nditadutsa mazana awiri, ndipo ndinaseka ndekha ngati wopenga.

Che Jafali anabwera itangotha swala ya Asiri, ya chakumadzulo, atakonzeka kulandira chilolezo chawo. A Shehe anangochotsa neti.

Munthu wamkulu uja anawerama, kenako anagwada, thalauza lake losita lili m'matope. Anayandikitsa nkhope mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza dothi.

"Zamera," anatero chapansipansi. Kenako mokweza: "A Shehe, zamera! Zonsezi zachokera mu envulopu yanga ija?"

"Theka lake lokha. Lina ndakusungirani."

"Zikwana pachipata mpaka pakhonde, mbali zonse ziwiri. Zitsalanso. Ndizungulizanso pamene padzakhale akuchimuna. Kodi nthawi ikwana? Atsala masabata asanu ndi anayi."

"Insha Allah ikwana, kunja kwayamba kufunda. Koma mumvetsere bwino, chifukwa kuno si kumunda wa chimanga."

"Nenani, a Shehe, ndikumva."

Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pakamwa pa Che Jafali chibadwire changa. A Shehe anawafotokozera, manja ali m'mwamba ndi chimwemwe, kuti mbande zikafika masamba anayi azizule ndi kasupuni pamodzi ndi dothi lake, n'kuziokera madzulo dzuwa litapepa, kutalikirana chikhatho chimodzi chotambasula. Zikagwira, atsine nsonga ya chomera chilichonse kuti chichite nthambi zambiri. Apa Che Jafali anadzidzimuka, nati kudula mutu wa mbewu yabwinobwino ndi nkhanza, koma a Shehe anati chosatsinidwa chimangotalika n'kupereka duwa limodzi. Madzi azithira patsinde m'mawa, osati pamasamba, kuopa chuku. Fetereza wa chimanga asamuyandikitse kwambiri, chifukwa adzakolola masamba okhaokha. Duwa likafota alichotse kuti ena atuluke. Ndipo mbuzi zisafikeko, pakuti chomerachi sichikomera m'mimba mwa chiweto.

Che Jafali ankabwereza mfundo iliyonse ngati mwana wa madrasa, akuwerenga pa zala. Anali atayamba kale kunena za mmene anthu a ku Blantyre adzatulutsire mafoni awo kujambula, pamene mawu anawathera pakati pa chiganizo. Anakhala pa benchi paja anakana kukhalapo sabata yatha.

"Anafuna kundiuza," anatero.

"Ndani?"

"Sumani. Tsiku limene ankandipatsa envulopu anati, 'Achimwene, mbewu iyi pobzala musa...' Ine ndinamudula. Ndinati, 'Iwe ungandiphunzitse kubzala ine? Pamene ndinkagwira khasu iwe unali kumbuyo kwa amayi.' Anangoti chabwino, achimwene."

Ine ndinaganiza za mwambi uja wakuti safunsa anadya phula, koma ndinausunga m'kamwa, chifukwa munthuyo phula lake anali akulitafuna kale ndipo misozi inali italengeza m'maso mwake.

"Funso langa lija ndalibweza, a Shehe. Ku ukwati abwera. Ndi bambo wake wamng'ono wa Asiyatu, malo ake ndi kutsogolo." Anapukuta kumaso, ndipo Jafali wakale uja anayamba kubwerera pang'onopang'ono. "Ndichita chonchi. Ndituma mayi a kunyumba apite kwa mkazi wake ndi tambala, akanene kuti zija zatha. Mwakachetechete. Palibe chifukwa choti mudzi wonse udziwe kuti Jafali analephera kubzala maluwa. Ndine munthu wamkulu, a Shehe, mukudziwa inunso. Kodi pamaso pa Allah zimenezo sizikwana?"

Atatero anawerama kuti anyamule beseni. A Shehe anaika dzanja lawo pamkombero pake, ndipo beseni silinasunthe.

"Che Jafali, ndinu wamkulu ndithu, n'chifukwa chake anthu anakukhulupirirani. Mawu oipa aja simunatume nawo mayi a kunyumba. Munawafesa nokha poyera, pakhomo pa nyumba ya Allah, ndipo amera kale m'makutu mwa anthu oposa zana. Lero mng'ono wanu akamadutsa pamsika, anthu akuona wachinyengo. Tambala sangafike m'makutu onsewo. Mwabzala kawiri mokwirira osakolola kanthu, ndiye mukufuna kukwiriranso kupepesa kwanu?"

"Nanga nditani, a Shehe?"

"Mawa ndi Lachisanu. Tikatha swala, mudzaime pamalo omwe aja, anthu akuvala nsapato, ndipo ndi mawu aakulu omwe aja mudzanene kuti Sumani anakupatsani mbewu yabwino, ndipo amene sanadziwe kubzala ndi inu. Beseni ili ndilipereka kwa mwini mbewu lero lino. Ngati mukufuna kuti Asiyatu adzayende pakati pa maluwa, mukalipemphe m'manja mwa mng'ono wanu."